Rula ikapanda kutsika mzere: patch ya ext4 imene inakonza kwina n'kuwononga kwina

Kuchigayo china cha mpunga kuno ku Salima kuli kaseva kamene ndimakasamalira. Si kanthu kodzitama nako. Ndi kompyuta yakale ya padesiki imene tinaikweza pashelefu kuti madeya asamaitsamwitse, ndipo mkati mwake muli Debian, mtundu wina wa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta. Imasunga kaundula wa matumba: wabweretsa ndani, makilo angati, walipidwa kapena adakadikira. Loweruka la pa 9 Disembala 2023 ndinanyamuka kuti ndikaike ma update, poti tsiku limenelo Debian inkayenera kutulutsa 12.3. Ndili pakabaza cha ku Kamuzu Road ndinaona pafoni kuti eni ake aimitsa zonse, ndipo akuchenjeza anthu kuti asaike kernel (mtima wa Linux) ya 6.1.64 chifukwa ikhoza kuwononga mafayilo pa ext4, imene ndi fayilo sisitemu, kutanthauza njira yosanjira mafayilo pa disiki. Ndinawauza a kabaza kuti tibwerere. Mawa lake kunatuluka 12.4 yokhala ndi kernel ya 6.1.66.

Nditaitsatira nkhaniyo, chinandidabwitsa n'chakuti chowononga mafayilocho chinali patch (kachigamba ka code) yokonza vuto lina la mafayilo omwewo. Anailemba ndi katswiri, anzake anaiunika, ndipo pamalo pomwe anailembera inali yolondola. Kuchokera nthawi imeneyo ndiyo ndimaphunzitsira mnyamata amene akuphunzira ntchito kwa ine mmene munthu amaunikira code yolemba pa disiki.

Koma tiyambire pachigayo.

Mzere wa alimi ukatalika, akalaliki athu salemba m'buku lalikulu. Amang'amba kachidutswa ka katoni, n'kulembapo dzina ndi makilo, n'kumuuza mlimi kuti "zatheka bambo, pitani". Anthu akachepa m'pamene amakopera zonse m'hadikava. Linux imachita chimodzimodzi. Pulogalamu ikapempha kulemba kudzera mu write, kernel imakopera zinthuzo mu memori, pamalo otchedwa page cache, n'kuyankha kuti zalembedwa, pamene pa disiki sipanafike kalikonse. Masamba a memori oterowo amawatcha dirty, ndipo ngati munthu sanasinthe makonzedwe ake, tsamba likhoza kukhala masekondi 30 lisanayambe kutumizidwa ku disiki. Kwa anthu amene magetsi awo sazima, masekondi 30 si nkhani. Kuno mvula yoyamba ikabwera ndi ziphaliwali zake, masekondi amenewo amakwana kutaya matumba a alimi angapo. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

N'chifukwa chake pali fsync. Ameneyu ndi mlimi wokakamira pasikelo, wosachoka mpaka ataona ndi maso ake dzina lake lalowa m'buku. Pulogalamu ikaitana fsync, kernel siyenera kuyankha mpaka zonse za fayiloyo zitafikadi pa disiki. Pulogalamu ikhozanso kutsegula fayilo ndi chizindikiro cha O_SYNC, kutanthauza kuti kulemba kulikonse kuzikhala kokakamira chomwecho. Palinso O_DIRECT, imene imati katoni ayi, zinthu zizichoka m'manja mwa pulogalamu kupita ku disiki osadutsa mu page cache. Mapulogalamu a database amaikonda chifukwa amasunga okha zinthu zawo mu memori ndipo safuna kernel izisunganso kachiwiri. O_DIRECT payokha silonjeza kuti zonse zakhazikika, choncho wofuna mtendere amaiphatikiza ndi O_SYNC kapena fsync.

Chinthu china chimene ambiri sachiganizira n'chakuti fayilo ili pawiri. Pali zolembedwazo, ndiye pali inode, kachikalata kofotokoza za fayiloyo: mwini wake, malo a pa disiki pomwe zinthu zake zili, ndi kukula kwake. Yerekezani kuti pachikuto cha hadikava palembedwa kuti "masamba olembedwa: 40", ndipo lamulo ndi lakuti wowerenga asapyole nambala imeneyo. Akalaliki akadzaza tsamba la 41 koma osasintha pachikuto, tsambalo lilipo ndithu, inki yake yauma, koma kwa wowerenga palibe. Zosintha za pachikutozi ext4 imazilemba kaye mu journal (kaundula wake wa zosintha), imene mwachizolowezi imakhomeredwa pa disiki masekondi 5 alionse, pokhapokha wina atakakamiza kuti zichitike pompo.

Vuto loyamba linali pamenepa. Gao Xiang, mmodzi wa olemba kernel, anapeza kuti pa ext4, munthu akalemba ndi O_DIRECT ndi O_SYNC pamodzi n'kukulitsa fayilo, ndondomeko yake inali yopotoka. Zinthu zinkalembedwa pa disiki, kenako kernel inkachita kukhomera kuja kwa O_SYNC, ndiyeno pambuyo pake ext4 n'kusintha kukula kwa fayilo. Nambala yatsopano ya pachikuto inkafika sitima itanyamuka kale. Pulogalamu inkauzidwa kuti zonse zakhazikika, koma magetsi akazima journal isanakhomeredwenso, fayilo inkadzuka yaifupi.

Jan Kara wa ku kampani ya SUSE, amene wagwira ntchito zaka zambiri pa ext4 ndi pa ext3 imene inaitsogolera, anakonza zimenezi mu 2023. Kulemba kwa direct pa ext4 kumadutsa mu gawo lina la kernel lotchedwa iomap, limene mafayilo sisitemu angapo monga XFS amagwiritsanso ntchito. Kulemba kukatha, iomap imaitana ka function ka ext4 kotchedwa end_io, ndipo ikatero m'pamene imakhomera. Jan Kara anasamutsa kusintha kukula kwa fayilo kuja n'kukulowetsa mu end_io, kuti nambala ya pachikuto izikhala itasintha kale nthawi yokhomera ikamafika. Patch inalowa mu Linux 6.7 ikukonzedwa. Pansi pake panali mzere wa Fixes woloza kusintha kwa mu 5.5, pamene ext4 inayamba kulemba direct kudzera mu iomap, ndi mzere wina wopempha kuti ipitenso ku ma kernel akale amene anthu akugwiritsabe ntchito, omwe amatchedwa stable.

Patch imeneyi ndinamupatsa mnyamata uja tsiku lina masana, dzuwa la ku Salima likuswa mtengo, fani ikungotembenuza mpweya wotentha womwewo. Sindinamuuze mbiri yake. Ndinangoti, "Mphwanga, taiunika iyi. Ukanakhala iwe ukanaisainira?"

Anachita bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Anayamba ndi uthenga wa pamwamba, kuona ngati vuto lafotokozedwa momveka, mwakuti munthu angathe kulijambula papepala. Analijambuladi: mivi itatu, kulemba, kukhomera, kusintha kukula, kenako mivi yomweyo itasinthana malo. Anafunsa ngati loko ya inode imakhala idakagwiridwa pamene end_io ikusintha kukula, funso loyenera, chifukwa mapulogalamu awiri akhoza kumalemba fayilo imodzi nthawi imodzi. Anaonanso chimene chimachitika ngati disiki yalandira theka lokha la zinthu. Patatha pafupifupi ola anati, "Achimwene, ine sindikuonapo vuto. Yakonzadi."

Sanalakwe. Pa kernel imene Jan Kara ankalembera panalibedi vuto.

Ndinamufunsa kuti end_io ija, ikamaliza bwino ntchito yake, imabweza chiyani. Anayang'ananso. Kale inkabweza ziro, monga ma function ambiri a mu kernel amachitira zinthu zikayenda bwino. Patch itabwera inayamba kubweza chiwerengero cha ma byte amene alembedwa. Ndi kanthu kakang'ono, koti maso amangokadumpha poti sikali pamutu wa nkhani. Ndiye ndinafunsa lachiwiri: amalandira yankho limenelo ndani, ndipo amatani nalo?

Apa tibwererenso kwa akalaliki. Polemba m'hadikava amaika rula pansi pa mzere umene akulemba. Akamaliza amatsitsa rula mzere umodzi, ndipo mlimi wotsatira amalembedwa pamenepo. Fayilo yotsegulidwa ilinso ndi rula yake, nambala yosonyeza pamene kulemba kotsatira kudzayambire. Mkati mwa kernel, pa nthawi yolembayo, nambalayo imasungidwa mu ki_pos, ndipo pa kulemba kwa direct amene amaitsitsa ndi iomap.

Mu kernel ya 6.1, iomap inkaganiza motere: ngati end_io yabweza ziro, ndiye kuti zayenda, tsitsa rula. Kuyambira 6.5 inkaganiza mosiyana pang'ono: pamapeto pa zonse, ngati yankho ndi nambala yoposa ziro, tsitsa rula ndi nambala imeneyo. Kusinthaku anachita ndi Christoph Hellwig miyezi ingapo m'mbuyomo, ngati mbali ya ntchito yosesa ndi kulongosola code. Sikunali kukonza bug, motero panalibe chifukwa choti wina akutengere ku ma kernel akale.

Tsono ikani patch ya Jan Kara pa 6.1. Kulemba kwatha bwino, end_io yabweza 4096. Ndiye iomap yakale ikuona kuti si ziro, ikudumpha kachigawo konse kotsitsa rula. Koma 4096 si nambala ya error, chifukwa mu kernel ma error amakhala manambala ochepera ziro, choncho ikuipititsa kwa pulogalamu ngati yankho, ndipo pulogalamu ikumva kuti ma byte ake 4096 alembedwa, zomwe n'zoona. Ikulembanso kachiwiri. Rula ili pomwe paja. Mlimi wachiwiri walembedwa pamwamba pa woyamba, wachitatu pamwamba pa wachiwiri, ndipo aliyense wachoka ndi lisiti yake akumwetulira.

Mnyamatayo anakhala duu, kenako anati, "Nanga git sinadandaule bwanji pomata?" Sikanadandaula. Patch inkakhudza code ya ext4, pamene chosowekacho chinali mu fayilo ina, ya iomap. Mizere yonse imene git, pulogalamu yosunga code ndi kumata ma patch, imafananiza pomata inagwirizana. Compiler, imene imasandutsa code kukhala pulogalamu yoyenda, nayo inalibe chonena, chifukwa ziro ndi 4096 onse ndi manambala a mtundu umodzi. Kompyuta inkayaka bwinobwino. Munthu wongolemba makalata ndi kusunga zithunzi sakanaona kanthu, poti iyeyo amadutsa mu page cache. Ngakhale pakati pa mapulogalamu a O_DIRECT, amene amatchula okha malo olembapo nthawi iliyonse kudzera mu pwrite sadalira rula. Okhudzidwa anali ochepa, koma kwa iwo kuwonongekako kunali kwa kachetechete, ndipo bug ya mtundu umenewu ndimaiopa kuposa yogwetsa kompyuta. Yogwetsa umaidziwa lero. Iyi umadzaidziwa mwezi wamawa, backup nayo itakopera kale zowonongekazo.

Mayeso a Linux Test Project analira ndithu pamene patch inkayesedwa pa kernel ina yakale, ya 5.15. Koma pofika kumayambiriro kwa Disembala, pamene Jan Kara anazindikira gwero lake, 6.1.64 inali itatuluka kale ndipo Debian inali itaitenga. Mankhwala ake anali kutengera ku 6.1 kusintha kwa Christoph Hellwig kuja, kuti chigamba chipeze nsalu imene anachidulira.

Anthu ena nkhani ngati iyi ikachitika amafulumira kuloza chala osamalira ma kernel a stable, Greg Kroah-Hartman ndi Sasha Levin, kuti amatola ma patch ambiri. N'zoona kuti kernel imodzi ya stable imatha kutuluka ndi ma patch mazana, ndipo palibe munthu angawerenge code yonse yozungulira iliyonse. Koma ine sindili kumbali ya anzanga ena amene anamva nkhaniyi n'kunena kuti bola osaikanso ma update. Vuto la Gao Xiang linali lenileni, ndipo kwa ife a magetsi ozimazima linali lotikhudza kuposa ambiri. Patch inayenera kubwera. Chinasowa ndi munthu wofunsa kuti code yatsopanoyi ikuyembekezera chiyani kwa oyandikana nayo, komanso ngati oyandikana nawo a ku 6.1 ndi omwewo a ku 6.7. Panalibe pamene panalembedwa kuti end_io ikhoza kubweza nambala yoposa ziro. Zinkangotheka, mwangozi, chifukwa wina anali atasesa pabwalo.

Malonjezo osalembedwa oterewa ndiwo adzadza m'mbiri ya kulemba pa disiki. Mu 2009, ext4 itangoyamba kufala, anthu oyesa Ubuntu 9.04, mtundu winanso wa Linux, anayamba kupeza mafayilo awo a makonzedwe ali opanda kanthu kompyuta ikazima mwadzidzidzi. Mapulogalamu ambiri ankalemba fayilo yatsopano n'kuipatsa dzina la yakale kudzera mu rename, osaitana fsync. Pa ext3 zimenezi zinkapulumuka, chifukwa mwachizolowezi chake inkalemba zinthu za fayilo isanakhomere journal. Koma ext4 inabwera ndi luso lochedwetsa kusankha malo a pa disiki, ndiye dzina linkasintha pamene zinthu zidakali mu memori. Theodore Ts'o, woyang'anira ext4, ananena zoona kuti malamulo a POSIX, amene amafotokoza zimene mapulogalamu angayembekezere ku sisitemu ngati Linux, sanalonjezepo zimene mapulogalamuwo ankadalira. Komabe mu 2.6.30 ext4 inasinthidwa kuti ikaona rename yotereyi izifulumiza kulemba zinthuzo. Chizolowezi chinali chitasanduka lamulo ngakhale panalibe anachisainira.

Ya 2018 imandiwawa kwambiri, chifukwa ikukhudza njira imene ounika ambiri amaidumpha, ya pamene zinthu zalephereka. Craig Ringer, mmodzi wa okonza database ya PostgreSQL, anaonetsa kuti PostgreSQL inkakhulupirira kuti fsync ikalephera ukhoza kungoyesanso, ndipo ikadzayankha bwino ndiye kuti zinthu zafika. Koma pa Linux, kulemba kukalephera, kernel inkatha kuwachotsa masamba aja chizindikiro cha dirty, n'kunena za error kamodzi kokha. Ndiye fsync yachiwiri inkapeza palibe chodikira, n'kuyankha kuti zonse zili bwino. Tingoti akalaliki alephera kukopera chifukwa bolopeni yatha inki, ataya katoni, ndipo mlimi atabweranso kudzafunsa akumuuza kuti palibe chotsala. PostgreSQL inasankha kuti fsync ikalephera izingoima yonse n'kudzuka kuchokera mu log yake, ndipo kusinthaku kunatuluka mu Febuluwale 2019. Kuyambira pamenepo, ndikamaunika code iliyonse yolemba, ndimatha nthawi yambiri pa mizere ya error kuposa pa njira yoyenda bwino. Disiki ikadzadza pakatikati, fayilo itsala yotani? Magetsi akazima pakati pa mzere uwu ndi wotsatira, wodzatsegula mawa adzapeza chiyani? Mafunso amenewa umafunsa pa mzere uliwonse, ndipo n'chifukwa chake patch ya mizere makumi awiri imatha kudya tsiku.

Kuwerenga kokha sikukwanira. Olemba mafayilo sisitemu ali ndi mulu wa mayeso wotchedwa xfstests, umene unayambira ku kampani ya SGI pa XFS koma lero umayesanso ext4, Btrfs ndi ena. Ena mwa mayesowo amagwiritsa ntchito dm-flakey, kachida ka mu kernel kamene kamanamizira disiki imene yasiya mwadzidzidzi kulandira zolembedwa, kuti munthu aone za kuzima kwa magetsi osazula pulagi. Mnyamata uja anaseka atamva kuti kunja anthu amachita kupanga pulogalamu yozimitsa magetsi. Vuto la Gao Xiang limafunadi mayeso a mtundu umenewo, chifukwa silioneka pokhapokha kompyuta itafa pa nthawi yoipa. Koma vuto lachiwiri, limene linaimitsa Debian, silinkafuna luso lililonse. Kulemba kawiri n'kuwerenga basi. Chofunika chinali kuyesa pa kernel imene patch ikupitako, osati pa imene inachokera yokha.

Tinachita zimenezo madzulo ake, chigayo chitazima ndipo akalaliki atayamba kukopera makatoni awo. Tinadzutsa kernel ya 6.1.64 mu makina oyerekezera pa laputopu, kutali ndi kaundula wa alimi. Mnyamatayo analemba kapulogalamu ka C ka mizere yochepa: tsegula fayilo yatsopano ndi O_DIRECT, lemba ma byte 4096 a chilembo A, lembanso 4096 a chilembo B, sindikiza mayankho onse awiri. Poyamba inakana ndi error, chifukwa O_DIRECT imafuna kuti malo a mu memori ayambire pa malire oyenera, ndipo anataya mphindi khumi akufufuza za posix_memalign. Itayenda, mayankho anabwera abwino onse, 4096 ndi 4096.

"Ndiye fayilo ikhale yaikulu bwanji?" ndinamufunsa.

"8192, achimwene."

Anaiyang'ana. Inali 4096. Anaitsegula, munali B yekhayekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, A osaoneka ndi mmodzi yemwe. Tinazimitsa, tinadzutsa 6.1.66, kapulogalamu komweko osasintha kalikonse, ndipo fayilo inatuluka 8192, ma A patsogolo, ma B pambuyo. Iye anali atatsegula kale fayilo ya iomap ya ma kernel onse awiri, uku ndi uku pa sikirini, chala chili pa mzere wa ki_pos, akuwerenga kuti unasuntha mizere ingati.